Njinga ya Kumapiri M'dziko Lathyathyathya

Mwa miyambo yonse yatsopano imene imaphuka m'tauni ya Kasungu pamene msika wa fodya wa ku Chinkhoma watsegulidwa, ndipo amuna amene dzana ankayenda chozolika ayamba kutsokomola mokweza pamaso pa anzawo, palibe wondikondweretsa ine koposa uwu womanga njinga ya kumapiri chiwalo ndi chiwalo. Pakuti munthu waulemu wake masiku ano sagula njinga yathunthu monga ankachitira makolo athu ndi Humber kapena Raleigh, koma aisonkhanitsa pang'onopang'ono, kuti anthu achitire umboni kulemera kwake nyengo yonse ya malonda, osati tsiku limodzi lokha.

Belo loyamba libala felemu, imene mkuluyo aisenza paphewa nadzera njira yaitali ya kumsika, akupatsa moni ngakhale iwo amene adakangana nawo pamaliro. Lachiwiri libala foloko ndi mahandulo. Lachitatu likabwezedwa kuti fodya wake ngosakaniza, ntchito iima, pakuti wogulitsa zitsulo, amene adziwa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, sakongoza ngakhale sipoko imodzi.

Tsono tsiku lolumikiza likafika, ziwalo zonse ziyalidwa pansi pa mtengo wa mango pamene pakhala mmisiri wokonza njinga, mbwee ngati mafupa a m'chigwa chimene adaona mneneri Ezekieli, ndipo pomwepo pasonkhana bwalo la aphungu osaitanidwa, amene ambiri a iwo sadakhalepo ndi belu lomwe. Apa ndipo choonadi chionekera poyera: habu ili ndi mabowo 32 pamene limu ili ndi 36, ndipo tayala la mainchesi 26, lija la manomano logulidwa ndi ndalama ya feteleza, likana kukwatirana ndi limu ya mainchesi 28 imene atsibweni adapereka mwaufulu kuchokera pa njinga yawo yakufa. Mmodzi ati vuto ndi dzuwa. Wina ati Shimano weniweni salembedwa chotero. Wachitatu, amene adafikako ku Joni, angopukusa mutu, ndiko kuweruza koopsa koposa. Mmisiri yekha sataya mtima. “Zitheka, bwana,” atero, natenga hamala.

Magiya ndiwo ulemerero wa zonse: mbale zitatu kutsogolo, zisanu ndi ziwiri kumbuyo, ndiwo magiya 21, opangidwira anthu a m'maiko a zitunda ndi maphompho. Koma ife kuno tili ndi phiri la Kasungu loima lokha pakati pa minda, limene mkuluyo aliyang'ana m'mawa uliwonse ndi ulemu waukulu, osalota n'komwe zolikwera; ndipo mvula ikagwa atsika pa njingayo nayamba kuikankha, kuopa kuti matope angadetse matayala.

Sipapita sabata aphungu aja asanabwere kudzatenga gawo lawo. “Alamu, paja sipanala ija inali yanga, ndingofika nayo njingayi pa Santhe pompa.” Atsibweni akumbukira limu yawo, ngakhale idakanidwa. Apongozi sapempha, angofunsa ngati njingayo ili bwino, ndipo mkamwini wozindikira adziwa tanthauzo lake. Potsiriza alankhula mayi wa m'nyumba, amene adafoleka fodyayo ndi manja ake m'chigafa, kufunsa mofatsa kuti thumba la chimanga likhala pati popita kuchigayo, popeza chilombochi chidabadwa chopanda keliyala.

Motero keliyala iwotcheredwa, khushoni iikidwa pamwamba pake, ndipo pofika mwezi wa January, ndalama ya fodya itatha, njinga ya kumapiri ipezeka pa siteji ya kabaza m'mbali mwa msewu wa M1, m'manja mwa mphwake wa mwini. Mkuluyo akafuna kupita kumsika akwera kumbuyo, nalipira monga anthu onse, kungoti mnyamatayo, pokhala woleredwa bwino, amamuchotserako pang'ono.