Mapaundi 150 osagwirika m'manja

M'nyengo yozizira ya 2025, boma la Britain linakulitsa Warm Home Discount, ndondomeko ya mu 2011 yochepetsera mabanja opeza zochepa bilu ya magetsi. Mabanja pafupifupi 6 miliyoni tsopano akuchotseredwa mapaundi 150. M'makomo mwa Amalawi kumeneko, nkhaniyi yabala zake.

Bambo wina ku Leeds atangomva pa wailesi anaimbira mayi ake ku Ntcheu kuti ayambe kufunsa mtengo wa feteleza. Madzulo akuuza akunyumba, akazi awowo anangowayang'ana.

"Abambo, ndalamayo simuigwira. Amangoichotsa pa bilu."

"Nanga amayi ndiwauza chiyani?"

"Auzeni muwatumizira kutentha."

Pokulitsa ndondomekoyi, boma linachotsa lamulo lina limene linali ndi nthabwala zakezake. Kuchokera mu 2022, ku England ndi Wales, kwa ambiri kusauka kokha sikunali kokwanira. Kompyuta inkayang'ananso kukula kwa nyumba, mtundu wake ndi zaka zake, n'kugamula ngati ndi yodula kuifunditsa. Mayi wina ku Manchester, ali mu juzi ziwiri, chipewa cha ubweya ndi masokosi a mwana wake m'manja, anaimba foni kufunsa chifukwa chimene am'siyira. Anamuyankha mwaulemu kuti malinga ndi kompyuta, nyumba yake siizizira kwenikweni.

"Chabwino mwanangu," anatero. "Iuzeni kompyutayo idzagone kuno usiku umodzi. Bulangete ibwere ndi lake."

Ku Luton, anyamata awiri amachita lendi nyumba imodzi. Wina, amene amalandira thandizo la boma la Universal Credit, anakana chaka chonse kuti dzina lake lilembedwe pa bilu. Ankati dzina la bambo ake silikhala pa ngongole. Atamva za mapaundiwo anagogoda kuchipinda kwa mnzake ndi kapu ya tiyi.

"Achimwene, mwasenza mtolowu nokha nthawi yaitali. Bilu ija ilembeni ine."

"Mwachedwa, achimwene. Amayang'ana dzina limene linalipo pa 24 Ogasiti. Koma tiyiyo musabwerere naye."

Amene anandimvetsa chisoni ndi mlongo wina wosamalira okalamba ku Birmingham. Viza yake imamuletsa kulandira thandizo la boma ngati Universal Credit, choncho pa mndandanda wa ochotseredwa palibepo. Mnzake wa kuntchito anamufotokozera kuti ndalamazi sizichokera m'thumba la boma, makampani a magetsi amazitolera pa mabilu a anthu onse. Anakhala kaye chete, kenaka anati:

"Ndiye kuti ndasonkha nawo pa ukwati umene sanandiitane?"

Apa ine sindinaseke kwambiri. Munthu wogwira ntchito usiku wonse kufunditsa agogo a eni, kwake akugona atavala jekete.

Inu amene muli kumeneko, akakutumizirani uthenga pa foni wofuna manambala a khadi lanu la kubanki kuti mulandire mapaundi 150, ameneyo ndi wakuba. Fufutani.