Kasungidwe ka Chenji ku Mutare: Malangizo kwa Achimwene Obwera Kumene

Mwadutsa ku Tete, mwadinditsa pasipoti pa Forbes, ndipo tsopano mwaima pa msika wa Sakubva mukusisita thumba la madola. Takulandirani, achimwene. Musanagule ngakhale ndiwo, khalani pansi timve.

Choyamba, masamu a ku pulayimale asiyeni pa chipata pomwepo. Kuno dola kuchotsa masenti 50, yankho lake si masenti 50 ayi. Yankho ndi maswiti, bolopeni, machesi, kapena mkazi wa mwini. Dziko lino la Zimbabwe litayamba kugwiritsa ntchito dola ya ku America mu 2009, anabwera ndi mapepala okha; makobidi anatsala kwawo chifukwa ndi olemera kunyamula. Boma linayesa makobidi ake otchedwa bond mu Disembala 2014, koma lero ndi zoseweretsa ana. Choncho wogulitsa akakutambasulirani switi, landirani ndi manja awiri. Musayese kudzabwera nawo mawa maswitiwo kuti mugulire buledi. Ndalama imeneyi imayenda njira imodzi yokha.

Lamulo lalikulu ndi la ukwati wa m'kombi. Ulendo ukakhala wa theka la dola, inu mwapereka dola, bambo wina kumbuyo waperekanso dola, kondakitala amatenga pepala limodzi n'kukulozani nonse awiri kuti mukagawane. Basi, ukwati wamangidwa, popanda ankhoswe. Ndiye sankhani bwino pokhala. Pewani mnyamata wovala nsapato zothamangira. Pewani munthu wogona, poti akadzuka sakumbukira kuti ali pabanja. Funsiranitu kuti mnzanuyo atsikira pati, chifukwa ngati dola ili m'manja mwake ndipo iye akupitirira mpaka kumapeto kwa Dangamvura, nanunso mukupita komweko, ngakhale kwanu kutakhala koyambirira. Mkazi amatsata mwamuna, mwamuna amatsata mkazi, zonse zimatengera amene wafumbata pepala. Wabwino koposa ndi gogo wa dengu pamiyendo: sathamanga, ndipo amadziwa wogulitsa aliyense pa siteji.

Chisudzulo chimachitikira kwa mayi wa nthochi. Mumaima awiri, anthu osadziwana ngakhale dzina, kugula nthochi za ku Honde Valley za dola yonse, n'kuziwerenga mosamala pamaso pa mboni. Simumafuna nthochi. Palibe anakufunsani. Yotsala ikakhala imodzi, muisiyire wamkulu, musachititse manyazi mtundu wa Amalawi.

Chachitatu, lemekezani dola yakuda. Mudzalandira pepala lofewa, lonunkha nsomba zouma ndi dizilo, nkhope ya George Washington itafufutika. Musalinyoze, limeneli ndiye likuyendetsa mzinda. Mudzaonanso la madola awiri, limene kwawo ku America ambiri salionaona, musaganize kuti akuberani. Koma long'ambika pakona likaneni msanga, chifukwa yemwe wakupatsaniyo mawa alikana akukuyang'anani m'maso. Alipo anyamata ogula ong'ambikawo pamtengo wotsika, n'kuwamata ndi guluu, n'kuwabwezera mumsika kudzera m'thumba lanu lomwelo. Pepala la madola 100 lonyezimira musalitulutse mmawa. Mufa ndi njala muli wolemera.

Za randi ndi metikali sindichedwapo: randi landirani, metikali musungire tsiku lopita ku Machipanda, ku Mozambique.

Tsono pali ZiG, ndalama ya dziko lino. Inabadwa mu Epulo 2024, dola imodzi ikugula 13.56, ndipo pofika kumapeto kwa Seputembala chaka chomwecho banki yaikulu inaitsitsa mpaka kupitirira 24. Reti yake ilipo patatu: ya kubanki, ya anyamata a tizikwama oima m'makona a mu tawuni, ndi ya mmene mwini golosale wadzukira. Musafunse kuti yoona ndi iti. Funsani kuti lero tikuyendera iti, mofatsa, ngati mukufunsa za odwala.

Apa pokha nthabwala zindithera. Pitani m'nyumba zakale za ku Sakubva mukaone madala athu amene anachoka ku Nyasaland ali anyamata. Anagwira ntchito pa njanji ya ku Beira, m'migodi ya golide ya ku Penhalonga, m'minda ya tiyi, akudulidwa penshoni mwezi ndi mwezi. Kukwera mitengo kwa 2008, kumene kunabala pepala la 100 trillion, kunadya zonse. Amene anayambanso kusunga madola kubanki anadzuka mu 2019 n'kumva kuti ndalama zawo tsopano zasanduka ndalama ya m'dziko muno yotchedwa RTGS. Ena mpaka lero alibe ya basi yoti akaone manda a makolo ku Ntcheu kapena ku Mulanje. Ndiye wina amaima pa wailesi n'kumati anthu alibe chikhulupiriro pa ndalama ya dziko lawo, ngati kuti ndi matenda amene anawagwira okha kuchokera kuthengo. Zimandiwawa.

Chabwino, tibwerere ku maphunziro. Mukapeza kangachepe, musakasunge ngati ndalama. Kasandutseni njerwa, malata, kapena bhero la kaunjika wochokera ku Mozambique, mukayale pa Sakubva n'kumakuwa kuti ziwiri dola. Mwaona nzeru yake? Palibe wagula malaya awiri chifukwa chowafuna onse. Lachiwirilo ndi chenji.

Pomaliza, Lamulungu musajombe kutchalitchi, ndipo mukhale benchi yakumbuyo. Mbale ya chopereka imafika kumeneko itadzaza timadola timodzitimodzi. Ikani la madola asanu poonekera, weramitsani mutu, tolanimo anayi mosathamanga. Mkulu wa mpingo akakuyang'anitsitsani musatekeseke. Akungowerenga ngati mwamusiyirako oti nayenso asinthire lake la 10.