Walira Thirakitala Walira Girisi

Makolo anati walira mvula walira matope. Anatchula mvula poti masiku amenewo chinthu chimene munthu ankachilirira usiku ndi usana chinali chimenecho. Lero kumayadi a Lilongwe, ku Area 10, Area 43 ndi Area 47, kukuliridwa china. Bwana wa ku Capital Hill kapena wa kubanki ku City Centre akapeza munda ku Mitundu, ku Nsaru kapena ku Malingunde, amakumbukira kuti khasu limatulutsa matuza m'manja ozolowera kusayina, ndiye amagula kathirakitala ndi zokoka zake: pulawo, chophwanyira zibuma, chodzalira ndi ngolo. Mvula yake ndi imeneyo. Matope ake ndi girisi, ndipo matope a mtundu umenewu ukawakana lero, mawa amakupeza atachuluka.

Thirakitala yeniyeniyo sivutika. Ili ndi nyali, mpando ndi chiwongolero, imajambulidwa n'kuikidwa pa WhatsApp, ndipo imagona m'galaja ngati mwana woyamba. Zokoka zake ndiye ana amasiye. Ntchito ikatha zimaponyedwa kuseri kwa nyumba mpaka Okutobala, dothi lili mbuu. Dothi lomatiriralo limasunga chinyezi, chinyezi chimaitana dzimbiri, ndipo feteleza wotsalira m'chodzalira amadya chitsulo monga chiswe chidyera nsungwi. Nkhuku yokha ndiyo imapindula, poti imapeza poikira mazira. Chonsecho mankhwala ake ndi apafupi: kutsuka ndi madzi, kupala ndi bulashi ya waya, kupaka oyilo wakuda wotsala posintha wa mu injini, kupopera girisi paliponse pozungulira mpaka wakaleyo atatuluka, kumanga mabawuti ndi sipanala, kenako kukhazika chipangizocho pa njerwa n'kuchifunditsa. Ndi ntchito ya Loweruka limodzi, ndipo thukuta lake silisiyana ndi loyenda maenje 18 ku Lilongwe Golf Club.

Ena ati imeneyo ndi ntchito ya amakaniko, nanga mabwana akamagwira okha sipanala, anyamata a ku Biwi adya chiyani? Chifundo chimenechi n'chokoma, ndipo n'zoona kuti kumasula giyabokosi si kwa aliyense. Koma chimabwera mochedwa. Mitambo ikayamba kuda mu Novembala, achifundo onsewa amakumana mu msewu wa Malangalanga ku Old Town, aliyense atanyamula kachitsulo kothyoka m'jumbo, kufunsa sitolo ndi sitolo ngati akusaka mwana wotayika. Sipeya ikasowa amauzidwa kuti ichokera ku Johannesburg, ndalama zakunja zikapezeka, pomwe mvula sidikira lole. Kuonjezera apo, bwana wosadziwa chipangizo chake amalamula zolakwika. Pa chotchetchera udzu, chitsulo chochokera ku thirakitala chimazungulira ka 540 pa mphindi, ndipo pamenepo anaikapo bawuti yofewa mwadala kuti mpeni ukagunda chitsa, ithyoke iyoyo m'malo mwa zitsulo zokwera mtengo. Bwana akaona yathyoka kawiri amapsa mtima n'kuuza wowotcherera kuti amange zolimba zenizeni. Mnyamatayo, poti wamkulu sawuzidwa, amawotcherera. Chitsa chotsatira chimasiya bawuti ili bwinobwino, giyabokosi ili zidutswazidutswa. Makaniko adyadi, koma adya sukulu fizi ya ana.

Ena ati vuto la dziko lino ndi kuchepa kwa makina, tiyambe tagula, zosamala tiziona kutsogolo. Kugulako ndiye tinaonetsa kale kuti timatha, ngakhale ndi ngongole. Boma linakongola ndalama ku India n'kubweretsa mathirakitala 177, ndipo mu 2016 Ombudsman Martha Chizuma anapeza kuti ambiri anagulitsidwa mosatsata ndondomeko m'malo mothandiza alimi ang'onoang'ono. Mvula inagwa m'minda ya ochepa, matope tinagawana tonse. Pakhomo zimayendanso chimodzimodzi: amene wakana girisi samathetsa matope, amangowakankhira kwa wina, kaya ndi mayi a kunyumba amene ndalama ya ndiwo yapita ku sipeya, kaya ndi aganyu amene aitanidwa ndi makasu kudzamaliza ndime imene thirakitala yaisiya pakati.

Agogo athu sankatuma munthu kukakhomerera khasu likagwedera pa mpini. Ankaligogoda okha pa mwala, ndipo ufumu wa pabanja sunkachepa. Mdzukulu wawo wa tayi naye asachite manyazi akalowa mu ofesi Lolemba m'zikhadabo muli bii. Anzake akamuyang'ana modabwa, angowauza kuti kwawo yagwa.