Tomato wa Rubio ndi Khasu la a Nabanda

(Tambala akulira. Munthu akusesa pabwalo. Chapatali wailesi ikuyankhula.)

WOFOTOKOZA: Chaka cha 2023 chinali cha maulendo ambiri a mumlengalenga. Kampani ya SpaceX yokha inaulutsa maroketi a Falcon maulendo 96, ndipo dziko la India linateretsa chombo pamwezi kwa nthawi yoyamba. Chaka chomwecho kumwambako kunasowa zinthu zingapo, ndipo nkhani zake zinalowa pamlandu wa a Phiri ndi a Nabanda, oyandikana nyumba amene mpanda wa udzu wokha ndiwo umawalekanitsa.

NABANDA: Odi kumeneko! A Phiri, tulukani. Musabisale kuseri kwa nsalu ya pakhomoyo, mapazi ndikuwaona.

PHIRI: Mwadzuka bwanji, a Nabanda?

NABANDA: Ine ndadzuka, koma tomato wanga sanadzuke. Dzulo pampanda apa panali 7, ofiira psuu. Lero atsala awiri.

PHIRI: Mayi, mlandu wa tomato suthamangiridwa. Ngakhale a NASA unawazunguza mutu. Tiyambire mu Epulo.

NABANDA: Tomato wasowa usiku wapitawu, inu mukuti Epulo?

PHIRI: Pa 20 Epulo, ku Boca Chica m'chigawo cha Texas, a SpaceX anayesa roketi ya Starship, yotalika mamita pafupifupi 120. Ponyamuka inakumba chidzenje pomwe inaima, simenti n'kumwazika ngati mankhusu. Posakhalitsa inayamba kupidiguka m'mwamba, kenako patapita mphindi zinayi zokha chinyamukireni, phuu! Eni ake n'kuwomba m'manja.

NABANDA: Katundu wapsa, iwo akuwomba m'manja? Ndiye ndi abale anu amenewo. Inunso munaseka tsiku lija munagwetsa bafa yanga ndi wilibala.

PHIRI: Kunali kuyesa wilibala.

WOFOTOKOZA: Mwezi womwewo, pa 14, chombo cha mayiko a ku Ulaya chotchedwa JUICE chinanyamuka ku Kourou kupita kukafufuza miyezi ya Jupiter, ndipo chikuyembekezeka kufika mu 2031. Pa 15 dziko la Kenya linatumiza satelayiti yake ya Taifa-1. Pa 28 Sultan Al Neyadi wa ku United Arab Emirates anakhala Mwarabu woyamba kutuluka kunja kwa siteshoni ya mumlengalenga ya ISS.

NABANDA: Mu 2031? Chidzafikira limodzi ndi shuga wanga amene munabwereka.

PHIRI: Kuthamanga sikufika, mayi. Taonani za Ogasiti. A India ananyamutsa Chandrayaan-3 ku Sriharikota pa 14 Julayi, n'kumayenda mwachifatse, kuzungulira dziko kaye kangapo. A Russia, amene anali asanatumizeko chombo kumwezi chiyambire 1976, ananyamutsa Luna-25 mu Ogasiti, akuti afike poyamba. Pa 19 chinakamenya pansi pamwezi, phwa! Pa 23 cha a India chinatera bwinobwino chakum'mwera kwenikweni kwa mwezi.

NABANDA: Kukatenga chiyani kumeneko?

PHIRI: Kuderalo kuli maenje omwe dzuwa silifikamo, ndipo muli madzi oundana.

NABANDA: Ulendo wonsewo kulondola madzi? Mjigo uli apawu, koma simunayambe mwatungirako mkazi wanu ngakhale ndowa imodzi.

WOFOTOKOZA: India inakhala dziko lachinayi kuteretsa chombo pamwezi, pambuyo pa Soviet Union, America ndi China. Kagalimoto kake ka mateyala 6, Pragyan, kanayenda mamita pafupifupi 100 usiku wa pamwezi usanagwe. Pa 24 Seputembala, chombo cha OSIRIS-REx chinagwetsa kabokosi m'chipululu cha Utah. Munali dothi ndi timiyala ta ku Bennu, chimwala choyenda mozungulira dzuwa. Ulendowo unatenga zaka 7, ndipo atayeza anapeza magalamu 121.6.

NABANDA: Zaka 7, kubwera ndi dothi losadzaza kapu!

PHIRI: Ndipo chotsekera chake chinavuta. Timabauti tiwiri tinakana kumasuka mpaka Januwale 2024, atachita kupanga zida zatsopano.

NABANDA: Akanaitana wokonza njinga wa pamsikapa. Koma a Phiri, mukundiyendetsa m'mwambamu ngati khungubwe. Tomato wanga ali kuti?

PHIRI: Tafika. Kuli bambo wina, Frank Rubio. Anapita ku ISS mu Seputembala 2022 poganiza kuti akakhala miyezi 6. Mu Disembala, chombo cha Soyuz choti abwererepo chinabooka, madzi oziziritsira makina n'kutayika. Anadikira china, ndipo anatera ku Kazakhstan pa 27 Seputembala 2023, atatha masiku 371. Palibe Mmereka anakhalapo kumwambako ulendo umodzi nthawi yaitali chotero.

NABANDA: Khasu langa lamuposa. Munati "ndibweza madzulo", mvula yagwa kawiri.

PHIRI: Khasulo linasowa, ndipo kusowa kwa zida si chachilendo. Pa 1 Novembala amayi awiri, Jasmin Moghbeli ndi Loral O'Hara, anatuluka kunja kwa siteshoni kukakonza pamene pamazungulira masola. Chikwama cha zida chinapulumuka, n'kumapita. Kumeneko chinthu sichigwa, chimangoyandama. Chikwamacho chinayamba kuzungulira dziko chokha, makilomita pafupifupi 400 kuchokera pansi, anthu n'kumachiona ndi mabainokyula.

NABANDA: Ndiye khasu langa likuzungulira dziko? Bwanji ndinaliona likuzungulira m'munda wa mlamu wanu?

PHIRI: (Akutsokomola.) Makasu amafanana.

WOFOTOKOZA: Pasiteshoni ya ISS amadzala ndiwo pofuna kudziwa ngati anthu a pamaulendo aatali angamadzilimire chakudya. Rubio anakolola tomato, n'kumuika m'kathumba ka pulasitiki, kathumbako n'kusowa. Anafunafuna kwa maola ambiri osakapeza, ndipo anzake ankamuseka kuti wadya.

PHIRI: Mwamva? Munthu anabwerera kwawo ndi mbiri ya kususuka. Koma mu Disembala, iye ali kale pansi pano, Moghbeli analengeza kuti tomato uja wapezeka. Anali awiri, ofota, ophwanyika pang'ono, ali m'kathumba komweko. Nanga amene anamunamizira aja anayang'ana kuti? Inunso dikirani miyezi ingapo, a Nabanda. Fufuzani pansi pa masamba, funsani nkhuku zanu. Kuloza munthu chala popanda umboni n'tchimo.

NABANDA: (Motsitsa mawu.) Mwina n'zoona. Nkhuku yathathi ija imakonda pampandapa.

(M'khitchini mwa a Phiri mafuta akulira m'poto: tchwee!)

MAWU A MKAZI: (Chapatali.) Bambo a Chikondi! Tomato mwabwera naye m'bandakucha uja ndithire onse asanu, kapena ndisungeko wa madzulo?

(Chete. Tambala akulira.)

PHIRI: Ameneyo ndi wa kumsika.

NABANDA: Msika wotsegula m'bandakucha, wogulitsira pampanda panga? Bwerani kuno, a Starship inu, ndikuphulitseni mphindi zinayi zisanakwane!

(Tsache likumenya mpanda. Mapazi akuthamanga. Chitseko, mbwee!)

NABANDA: Mayi a Chikondi! Ndiwozo zikapsa mundipakulireko, ndipo khasu langa lifike dzuwa lisanalowe!

WOFOTOKOZA: Tomato wa ku ISS anali awiri, ndipo Rubio sanadye. Wa pampanda anali asanu, ndipo anadyedwa ndi usipa masana omwewo.