Mutu umodzi susenza denga, koma agonamo ndani?

Amene anapeka mwambi woti mutu umodzi susenza denga ankanena za denga lenileni, la nkhokwe kapena la kanyumba, lija amamangira pansi kenako anthu n'kulowa kunsi kwake n'kuliyendetsa pamitu mpaka pamwamba pa chipupa. Aliyense amene anaonapo ntchito imeneyi akudziwa kachinsinsi kamene mwambiwo unabisa. Pa anthu khumi olowa kunsi kwa denga, osenzadi amakhala atatu, aatali aja. Aafupi amangoyenda nawo m'kati, mutu osakhudza ngakhale phaso limodzi, koma ndi iwo amene amakuwa kwambiri kuti "kumanzere, kumanzere!" Pofika pa thobwa, chikho chawo chimafanana ndi cha anzawo.

Umu ndi mmene chimakhalira chimbale chimene kampani yojambula nyimbo imasonkhanitsamo oimba ambirimbiri. Nyimbo khumi ndi zisanu, oimba khumi ndi asanu, pachikuto onse atakwinya nkhope ngati ali ndi ngongole. Koma mukachiika m'wailesi mudziwa msanga kuti aatali ndi ati. Nyimbo yachiwiri ndi yachisanu ndi imene yasenza. Zinazo n'za mlamu wake wa mwini situdiyo, za mnyamata amene anabwereketsa maikolofoni, ndi za mtsikana amene bambo ake analipira zikuto.

Ku Kafue nkhani ya denga si yophiphiritsa. Tauniyi ili makilomita pafupifupi 45 kum'mwera kwa Lusaka, pa msewu waukulu wopita ku Livingstone, pomwe malole olowera ku Chirundu amadutsa usana ndi usiku. Inakula ndi mafakitale: Nitrogen Chemicals of Zambia yopanga feteleza, Kafue Textiles yoluka nsalu, ndipo pambuyo pake kunabwera ng'anjo yosungunula zitsulo. Anthu a kuno anazolowera kugona chinachake chikung'ung'udza chapatali. Makina a nsalu atazima, ntchito yong'ung'udzayo anaitenga ndi masabuufa. Yendani Loweruka madzulo ku Shikoswe kapena ku Zambia Compound. Musanamve mawu a nyimbo, mumayamba mwamva malata. Besi wa amapiano akagunda pa bala ya pakona, misomali ya denga la aneba imayankha, mbale za pa kabati zimayamba kusuntha pang'onopang'ono kulowera m'mphepete, galu amasamukira kuseri kwa chimbudzi. Apa mutu umodzi, wa mainchesi khumi ndi asanu ndi atatu, wokhala m'bokosi la matabwa, ukusenza madenga a mzere wonse wa nyumba popanda woupempha.

Achinyamata amaganiza kuti besi anabwera ndi intaneti. N'zoona kuti kunja kuli mtundu wonse wa nyimbo umene umangodziwika ndi dzina la besi. Dubstep inabadwira kum'mwera kwa London, ndipo kampani ya Tempa inaisonkhanitsa m'chimbale cha Dubstep Allstars mu 2004. Gqom ya anyamata a m'makomboni a Durban inafika ku Ulaya mu 2016 kudzera m'chimbale chotoleredwa ndi kampani ya Gqom Oh!, ya ku Rome. Koma Zambia inali kale ndi nyimbo zake za besi agogo a anyamatawa asanamere ndevu. Kalindula ndi dzina la chida choimbira, chachikulu, cha thunthu longa ng'oma lokutidwa ndi chikopa, chamtengo wautali ndi nsambo zokhuthala, cha ku Luapula. Magulu ndi oimba a m'zaka za m'ma 1980, a Amayenge, Shalawambe, Masasu, Serenje Kalindula ndi P.K. Chishala, anangosamutsira kugunda kwake pa gitala ya besi yamagetsi. Mvetserani bwino nyimbo zimenezo. Woimba akhoza kudandaula za chikwati, za mfiti, za mtengo wa ufa, koma amene akuyendetsa chiuno cha ovina ndi munthu uja waima kumbuyo osamwetulira.

Ndipo kalindula nayenso anayenda m'zimbale zosonkhanitsa. Mu 1989 kampani ya GlobeStyle ya ku London inatulutsa Zambiance!, mitu yambiri pansi pa denga limodzi. Pambuyo pake kunabwera Zambush, ya kampani ya SWP ku Netherlands, ya Michael Baird, mzungu wobadwira ku Lusaka. Si kalindula yekha: mu 2017 Now-Again ya ku Los Angeles inatolera nyimbo za WITCH, Amanaz, Ngozi Family ndi anzawo a m'zaka za m'ma 1970 n'kuzitcha Welcome to Zamrock! Tisawanyoze anthu amenewa. Akanapanda kufukula mbale zakalezo, zimene zambiri zinadindidwa ku Teal Records ku Ndola, bwenzi zidzukulu zikuyesa kuti Paul Ngozi wa Ngozi Family ndi dzina la msewu chabe. Kungoti munthu umadabwa: osenza ndi a ku Kitwe, a ku Serenje, a ku Chawama, koma denga likakwera pachipupa, nyumba yake ili kutsidya la nyanja.

Kuno ku Zambia nakonso kunayesedwa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, mawailesi atadzaza ndi rumba ya ku Congo ndi kwaito ya ku Joni, Chisha Folotiya anayambitsa Mondo Music, ndipo anatsegulira ndi chimbale chosonkhanitsa, Rhythm Nation Project. Nzeru yake inali ya mwambi womwewu. Palibe mwana mmodzi wosadziwika amene akanakopa munthu kutulutsa ndalama m'thumba, koma khumi pamodzi akanatha. Zinathekadi, ndipo kampaniyo inadzatchukitsa mayina ngati JK, Shatel, Black Muntu ndi Joe Chibangu. Chimene mwambi sunachenjeze n'chakuti pali anthu ena amene salowa n'komwe kunsi kwa denga. Amaima patali, kudikira kuti likwere, kenako n'kubwera ndi mphasa. Makaseti ndi ma CD okopera mwakuba anadzaza pa Soweto Market ndi pa siteshoni iliyonse ya basi. Boma linabweretsa tizidindo tonyezimira tomata pa zimbale zenizeni mu 2013, koma pofika nthawi imeneyo nyimbo zinali zitasamuka kale pa CD kupita pa kanthu kochepa ngati chikhadabo. Chidindo uchimata pati pa memori khadi?

Choncho kampani yaikulu yosonkhanitsa nyimbo ku Kafue lero ilibe dzina, ilibe ofesi, ilibe loya. Ndi mnyamata wa pamsika, wokhala m'kakontena pakati pa wogulitsa matcheja ndi wometa, ali ndi laputopu yosweka pakona yomangidwa ndi selotepi. Iye ndiye mwini kampani, ndiye wosankha nyimbo, ndiye wogulitsa. M'mafoda ake muli dongosolo limene kampani za ku London sizinalotepo: "za ukwati", "za maliro", "za m'basi", "zakale", ndi ina yongolembedwa kuti "besi yoopsa".

"Mwana wanga, undiikireko za Amayenge ndi za P.K.," akutero bambo wina wa imvi, akupereka fulashi yomangidwa kachingwe.

"Ba mudala, fulashi yanu ndi yaikulu iyi. Zimenezo sizidzaza ngakhale kota. Ndikuwonjezerani za Yo Maps, za amapiano, ndi kwaya pang'ono ya amayi kunyumba."

"Amapiano ndikatani nayo ine?"

"Ndi ya mahala, ba mudala. Mukangodumpha."

Bamboyo akuchoka ndi nyimbo mazana asanu, mwa izo akufunapo khumi ndi ziwiri. Aafupi sanayambe achulukapo chonchi pansi pa denga limodzi. Ndipo pa makwacha amene asiyidwa patebulopo, palibe ngwee imene idzafike kwa wamasiye wa woimba kapena ku ZAMCOPS, bungwe lotolera ndalama za eni nyimbo. Mnyamatayo si chigawenga m'maso mwa aliyense pamsikapo. Oimba ena ongoyamba kumene amachita kumunyengerera, mwinanso kumugulira kadrinki, kuti nyimbo yawo ilowe mu "za m'basi", pakati pa Yo Maps ndi Chef 187, malo amene kondakitala sangafikire batani msanga.

Pali munthu mmodzi amene ndimamuganizira ndikamva mwambiwu, Gasper Nali wa ku Nkhata Bay. Iyeyu amaimba babatoni wa nsambo imodzi, mbale wake wa kalindula, wotalika kuposa mwini wake. Dzanja lina lagwira botolo, lina kamtengo, phazi likuponda ng'oma, pakamwa pakutuluka nyimbo. Akuluakulu akanamuona akanayamba akhosomola asanamalize mwambi wawo.

Chokhacho chimene chinagonjetsa besi wa ku Kafue ndi chilala cha 2024. Madzi atatsika ku Kariba ndi ku Itezhi-Tezhi, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, m'tauni yomwe yatenga dzina la mtsinje umene umapukusa makina a ku Kafue Gorge. Aneba a pafupi ndi mabala anagona tulo tabwino kwa masabata angapo, ena mpaka ananenepa. Kenako eni mabala anasonkherana, n'kugula jenereta.