Mlandu wa Mpira ndi Kope pa Ntcheu

Zotsatira za mayeso a MANEB zikangotuluka, mlandu uja umadzukanso. Tonse tinauzengapo kale: m'minibasi yochokera ku Lizulu, pa siteji ya akabaza pa Boma, ngakhale pasiwa nyimbo zikayamba kuzilala. Woimbidwa mlandu ndi mpira. Ena amati ndiwo ukulakwitsa ana athu mayeso, ena amalumbira kuti pakanapanda mpirawo anyamata ambiri bwenzi atasiya sukulu kalekale.

Odandaula ali ndi umboni wogwirika. Mwana amafika madzulo ali mbuu ndi fumbi, nsapato yomweyo ya kusukulu itayasama, ndipo akangotsegula kope tulo tamugwira. Apa pamatuluka mwambi wa pusi uja anagwa chagada chifukwa cha ichi chakoma ichi chakoma. Tiwavomereze pang'ono, chifukwa alipodi anyamata amene amajomba Lachisanu kuthamangira bonanza ya andale ku Kasinje kapena ku Tsangano, n'kubwerako ndi chipewa, bondo lotupa ndi ndalama yosakwana kugula kope.

Chimene chimatisangalatsa n'chakuti bambo yemweyo amene amabisa mpira wachikulunga padenga, usiku wa pa 25 January 2022 anavina ngati ali pa Umhlangano ku Nkolimbo, Gabadinho Mhango atagoletsa chigoli chija posewera ndi Morocco. Flames inagonja 2-1, koma zimenezo sizikumbukika kwenikweni. Chimene chimakumbukika ndi mtunda umene mpirawo unauluka, ndipo mtundawo umatalika chaka ndi chaka. Poyamba ankati anauponya ali chapatali ndithu ndi golo, kenako anati ali pakati pa bwalo, tsopano alipo ofotokoza ngati munthu anaima pa Kampepuza n'kugoletsa pa Boma.

Za atsikana ndiye zasintha tikuona. Si kale pamene ankati ntchemberembaye yokha ndiyo ya atsikana, mpira wamiyendo umaumitsa thupi, wina sadzakwatiwa. Lero pakamwa pomwepo pakutuluka dzina la Temwa Chawinga, amene mu 2024 anagoletsa zigoli 20 mu ligi ya ku America ali ku Kansas City Current, n'kusankhidwa wosewera wopambana onse chaka chimenecho. Mkulu wake Tabitha wasewera ku Sweden, ku China, ku Italy ndi ku France. Ena amawonjezera Mwawi Kumwenda, amene anaposa osewera onse pa mpikisano wa dziko lonse wa mpira wamanja ku Sydney mu 2015. Akafika pa malipiro awo, aliyense amakhala ndi nambala yakeyake, ndipo wina anatiuza motsimikiza kuti ya mwezi umodzi ingagule mbatata yonse ya kachewere ya ku Tsangano pamodzi ndi lole yake.

Apa odandaula amafunsa funso labwino: a Chawinga alipo angati m'Malawi muno? Awiri, ochokera nyumba imodzi ku Rumphi. Nanga amene anathyoka mwendo pa bwalo la miyala, lero akukankha njinga ya makala, ndi angati? Funso limeneli okonda mpira saliyankha msanga. Amayamba ayang'ana kumbali, kenako amatulutsa khadi lawo lomaliza, ndipo ife tikuona kuti ndi khadi lolemera. Amati taonani Kamuzu Barracks, Moyale, MAFCO ndi Red Lions, matimu a asilikali, taonaninso Blue Eagles ya apolisi. Kumeneko mwendo ungakuonetse khomo, koma pa nthawi yolemba ntchito amafunsanso satifiketi ya MSCE. Mnyamata akazindikira zimenezi amayamba kuliona kope ndi diso lina, chifukwa akudziwa kuti mpira umatha munthu asanamere imvi, pamene ntchito imapitirira.

Aphunzitsi nawonso sali pamodzi. Alipo amene amati nthawi ya masewera ikanangosanduka ya masamu, makamaka kwa a Sitandade 8 ndi a Fomu 4. Alipo amene amati tsiku la masewera ndi limene kaundula amadzaza, ana ojomba sabata yonse amatulukira onse, ndipo mawu akuti wosabwera m'kalasi sasewera Loweruka amagwira ntchito kuposa kukumbitsa dzenje. Awa achiwiriwa tikuwamvetsa. Taonapo mwana wosamva zakumuuza atapatsidwa ukaputeni wa timu ya sukulu, n'kuyamba kufika m'mawa belu lisanalire chifukwa akuopa kuchita manyazi pamaso pa anzake.

Ndipo pali mboni zina zimene pamlanduwu siziitanidwa kawirikawiri. Tsiku la msika ku Lizulu limachotsa ana angati m'kalasi kuti akanyamule kabichi ndi tomato? Nyengo yokumba mbatata, ganyu wa kutsidya kwa msewu ku Mozambique, mtunda wopita ku CDSS, njala ya mu February, ukwati wa mwana wa Fomu 2: zonsezi zimadya sukulu mwakachetechete, koma wotchulidwa ndi mpira poti umaonekera pabwalo ndipo umachita phokoso. Palinso kusokoneza mipira iwiri. Wosewera amathamanga ola limodzi ndi theka n'kukasamba. Woonera Arsenal ndi Manchester United mu vidiyo sho amakhala mpaka usiku, kubetcha ndalama ya mayeso pa foni, n'kukalowa m'kalasi maso ali psuu. Kholo likamati mpira wamuwononga mwana wanga, ndi bwino kulifunsa kuti mpira wake uti.

Mlanduwu ukafika pamenepa, m'minibasi ija mumakhala kaye zii. Kenako mayi wina kumbuyo amati zonsezo wamva, koma nsapato agula ndani? Bambo wa pampando wa kutsogolo amati sukulu ya kwawo ili ndi mpira umodzi, wosokedwa kanayi, ndipo atsikana amadikira anyamata atope. Kondakitala amati iyeyo anali nambala 9 woopsa ku pulayimale, akanapitiriza bwenzi ali ku Bullets. Minibasi imafika pa Boma, aliyense amatsika ndi maganizo omwe anakwera nawo, ndipo kuseri kwa msika ana ayika kale miyala iwiri uku iwiri uko, zikwama za makope ataziunjika pambali.