Tsiku ladutsa, mwana ali phee

Ku sikelo anamwino amawerenga masabata 40 kuchokera tsiku limene mayi anayamba kusamba komaliza, n'kulemba deti m'buku la kuchipatala. Vuto n'lakuti mwanayo bukulo saliwerenga. Ana obadwa pa tsiku lenilenilo safika ngakhale mmodzi mwa 10 alionse. Koma inu kawafotokozereni apongozi zimenezo.

Mlamu wanga litangodutsa tsiku lake, foni inkalira tambala asanatsike mumtengo. "Mwadzuka bwanji, nanga kumeneko kudakali zii?" M'mawa wina anatopa nazo. "Ndinachira dzana, amayi, ndangoiwala kukuuzani." Apongozi sanamve kuti n'zocheza. Madzulo anatulukira ndi nkhuku kukhwapa, mtolo wa nkhuni pamutu, nthungululu kuyambira kumsewu. Amene anawatsegulira chitseko ndi mimba. Nkhuku inadyedwa ndithu, koma mwakachetechete.

*

Boma litaletsa azamba akumidzi kubereketsa mu 2007, mafumu ena anayamba kulipitsa mbuzi mayi akachirira kunyumba. Bambo wina, poopa kutaya mbuzi yake, anapititsa mkazi wake ku chidikiro masiku asanakwane n'komwe. Anaiwala kuti ku chidikiro anthu amadya, ndipo amadya awiri, poti wodikirira wodwala nayenso ali ndi pakamwa. Ufa unatha. Nkhuni zinatha. Uthenga unkangobwera: tumizani ya ndiwo, tumizani ya sopo. Anagulitsa mbuzi imodzi, kenako ina. Anzake pabawo atamufunsa za kuchipatala anangopukusa mutu: "Bola ndikanangowapatsa amfumu imodzi ija."

Ku chidikiro komweko kunafika mtsikana Lolemba, Lachiwiri wachira. Mayi wina amene anakhalitsa mpaka kudziwa alonda onse mayina anamuyang'ana akutuluka ndi khanda. "Achemwali, pano pali mzere. Mwatidumpha."

*

Mwana akachedwa aliyense amasanduka dokotala. Munkaima pakhomo, n'chifukwa chake naye waima. Munamanga mfundo pa chitenje. Zikakanika zonsezi, maso amatembenukira kwa bambo: ayenera kuti anayenda njira zachilendo, aulule. Mkulu wina anamukhazika pansi azakhali a mkazi wake. "Bambo, nenani zonse, mwana aone njira." Thukuta kamukamu. Mapeto ake anaulula kuti thumba la feteleza limene ankati linabedwa lija anagulitsa yekha, ndalama n'kumwera. Mwana sanasunthe. Amene anasuntha ndi mkazi wake, ndi chipande m'manja.

Za mwanamphepo zokha sindiseka nazo. Mankhwala amenewo amatha kung'amba chiberekero. Masabata akapitirira 41, achipatala ali ndi njira zawo zoyambitsira matenda, akuyang'anira mayi ndi mwana yemwe.

*

Ndiye matenda enieniwo sayamba masana anthu atadya. Kwa mlamu wanga uja anayamba 2 koloko usiku. Chikwama chimene chinalongedzwa mwezi wathunthu chinapezeka chopanda kanthu. Beseni munanyikidwa zovala. Pepala lakuda lapulasitiki linafolera khola la nkhuku. Mabatire a tochi anali mu wailesi kuyambira tsiku la Bullets ndi Wanderers. Achimwene anathamangira wa kabaza atavala nsapato imodzi yawo, ina ya mkazi wawo, ndipo wakabazayo ataona nsapatozo anakweza mtengo.

Kukucha namwino anatuluka: "Mphatso ndi yaikazi, makilogalamu 4." Apongozi anawomba m'manja. "Ndimadziwa ine, amafuna anenepe kaye." Dzina sitinavutike nalo, Tadikira.

Achimwene anayamba kuimbira onse aja ankasowetsa mtendere m'mawa ulionse. Uyu foni yozima, uyu sakuyankha. Amene anayankha ndi amalume, mawu a tulo: "Zikomo, tathokoza. Ndiye wachiwiri liti?"